Chimene Chimazunguza ndi Kuimitsa Silinda ya Volovolo ya Makauboyi

Ambirife tinaonerapo mafilimu a makauboyi a ku America. Munthu amakoka nyundo ya volovolo ndi chala chachikulu, ndipo kamgolo kozungulira kokhala pakati pa mfutiyo, kamene amati silinda, kamasuntha kokha n'kubweretsa chipolopolo china. Pano ndikufuna kufotokoza zimene zimachitika m'kati pa nthawi yochepa imeneyi. Ine ndimaona kuti kuzunguza silinda si ntchito yovuta kwenikweni. Nzeru yaikulu ili pa kuiimitsa pamalo ake enieni.

Mtundu umene ndikunena Azungu amautcha single action. Dzinali likutanthauza kuti chokhethemulira chili ndi ntchito imodzi yokha, yomasula nyundo kuti igwe. Ntchito zina zonse zimachitika pamene chala chikukokera nyundo kumbuyo. Yotchuka kwambiri ndi Colt Single Action Army imene asilikali a United States anayamba kugwiritsa ntchito mu 1873. Samuel Colt, amene analandira chiphaso cha umwini wa luso la volovolo yake mu 1836, anali atamwalira kale mu 1862, ndipo mfuti ya 1873 inakonzedwa ndi amisiri a kampani yake, William Mason ndi Charles Richards. Kwa anthu amene anazolowera mfuti zonga gogodela, zothira wonga pakamwa ukawombera kamodzi, chimenechi chinali chinthu chachikulu.

Silinda ya mfutiyi ili ndi tizipinda 6 ta zipolopolo ndipo imazungulira pa kamtengo kachitsulo kodutsa pakati pake. Amene timamvetsera m'kalasi ya masamu tikudziwa kuti 360 tikagawa ndi 6 timapeza 60. Choncho silinda iyenera kuyenda madigiri 60 nthawi iliyonse, osapitirira kapena kupelewera, kuti kachipinda kayang'anizane bwinobwino ndi mpope wa mfuti.

Kumbuyo kwa silinda kuli mano 6 ozungulira. Pa nyundo anamangirirapo kachitsulo kowonda kamene m'Chingerezi amati hand, ife tingoti kadzanja. Nyundo ikamapita kumbuyo, kadzanjaka kamakwera m'mwamba n'kukankha dzino limodzi, silinda n'kuzungulira. Nyundo ikagwa, kadzanja kamatsika n'kulumpha dzino lotsatira osalikoka. Aliyense amene anapalasapo njinga akuzidziwa zimenezi. Ukamapalasa, timbedza ta m'gudumu la kumbuyo timagwira mano n'kuyendetsa njinga, koma ukasiya kupalasa timangolumpha, ndipo ndi kuja timamva kulira kwa tiki-tiki potsetsereka. Kadzanja ka Colt kali ndi nsonga ziwiri: yapamwamba imayambitsa ulendo, yam'munsi imautsiriza.

Tsono chimene chimaimitsa silinda n'chiyani? Kunja kwa silinda kuli timaenje 6, ndipo pansi pake pali kachitsulo kena kogwira ntchito ngati mpiringidzo wa chitseko. Sipuling'i imakankhira mutu wa kampiringidzoka m'kadzenje, silinda n'kukhala nji, osagwedezeka. Vuto likuonekeratu apa. Kadzanja sikangazunguze silinda yokhoma, ngati mmene simungatsegule chitseko musanachotse mpiringidzo. Choncho m'munsi mwa nyundo anaikamo kanundu kakang'ono. Nyundo ikangoyamba kuyenda, kanunduka kamanyamula mchira wa kampiringidzo, mutu wake n'kutsika kuchoka m'kadzenje. Izi ziyenera kuchitika kadzanja kasanayambe kukankha. Zikasemphana pang'ono pokha, zitsulo ziwirizi zimalimbana ndipo china chimadyeka kapena kuthyoka.

Munthu akamakoka nyundo ya Colt pang'onopang'ono amamva kulira kanayi, ndipo okonda mfutiyi amati ikutchula zilembo zinayi za dzina lake. Kulira koyamba ndi pamene chokhethemulira chalowa m'kamphako koyamba ka nyundo. Kwachiwiri ndi pamene nyundo yafika pakati. Apa kampiringidzo kali pansi, silinda imazungulira momasuka ndi dzanja, ndipo ndi pamene mwini mfuti amatsegula kachitseko ka kudzanja lamanja kuti aike zipolopolo kapena kuchotsa makoko. Kulira kwachitatu ndiko kumandisangalatsa ine. Mchira wa kampiringidzo umapulumuka pa kanundu kaja, ndipo sipuling'i imamenyetsa mutu wake pa silinda imene ikadayendabe. Kamakhala kakudikira pakhomo, kadzenje kakangofika kamagweramo. Nthawi yomweyo nyundo imafika kumapeto n'kukodwa, kumene ndi kulira kwachinayi.

Nanga nyundo ikamagwa, bwanji kanundu sikakhomolanso silinda? Kanunduka anakasema motsetsereka mbali imodzi, ndipo mchira wa kampiringidzo ndi wopindika ngati sipuling'i. Pobwerera, kanundu kamangoukankhira mchirawo pambali n'kudutsa, mutu uli chikhomere. Zonsezi popanda batire kapena magetsi.

Mfuti ikakalamba, dongosolo limeneli limasokonekera. Kampiringidzo kakafulumira kukwera, kamakanda mzere kuzungulira silinda yonse. Kakachedwa, makamaka munthu akakoka nyundo mwamphamvu, silinda imapitirira malo ake. Kadzanja kakadyeka, silinda imapelewera. Pamenepo chipolopolo chimagunda m'mphepete mwa khomo la mpope, tizidutswa ta mtovu n'kuthethekera m'mbali, ndipo amene amavulala ndi wowombera yemweyo kapena mnzake amene waima pafupi.

Ngozi ina inali pa nyundo. Msomali umene umamenya chipolopolo unali pa nyundo penipeni, ndipo kamphako koyamba kaja, kamene kanayenera kuteteza, kanali kosalimba. Mfuti ikagwa pansi n'kumenyetsa nyundo, kankatha kuthyoka mfuti n'kulira yokha. N'chifukwa chake anthu osamala ankaika zipolopolo 5 zokha. Ankaika chimodzi, kudumpha kachipinda kamodzi, kuika zinayi, kenako kukoka nyundo mpaka kumapeto n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Mukawerenga bwino kayendedwe ka silinda muona kuti nyundo imagonera pa kachipinda kopanda kanthu. Tsono kauboyi wa m'filimu akawombera kakhumi osaikamo zina, dziwani kuti opanga filimu akutinamiza.

Mu 1973, patapita zaka 100 chiyambire mfuti ya Colt ija, kampani ya Ruger inatulutsa mtundu watsopano wa volovolo yake ya Blackhawk. Anaikamo kachitsulo kamene kamakwera pakati pa nyundo ndi msomali pokhapokha chokhethemulira chakokedwa, kotero kuti nyundo payokha siifika pa msomali. Anachotsanso poimira nyundo pakati paja. Pa mfuti imeneyi, kutsegula kachitseko koikira zipolopolo ndiko kumatsitsa kampiringidzo ndi kumasula silinda, nyundo ili chigonere.