Tizilombo ta m'foni, tizilombo ta m'tchire

Loweruka masana pamsika wa Chongwe, kuseri kwa kashopu kotchajira mafoni, anyamata atatu aunjikana mitu pa foni imodzi yosweka galasi. Mwini foni ndiye akudina, anzakewo akungolangiza mokuwa ngati ali pa bawo. Pagalasipo kamunthu kakuyenda m'udzu wautali. Mwadzidzidzi chithunzi chikuthwanima, ndipo kachilombo kachikasu, ka makutu osongoka, katulukira. Uyu ndi Pikachu, ndipo masewerawa ndi Pokémon.

Kwa amene sanawaonepo, nkhani yake ili motere. Wosewera amayamba ndi kachilombo kamodzi kamene wapatsidwa ndi mkulu wina wofufuza zamoyo, Professor Oak. Amasankha pakati pa Bulbasaur wa udzu, Charmander wa moto ndi Squirtle wa madzi. Madzi amagonjetsa moto, moto umagonjetsa udzu, udzu umagonjetsa madzi. Akakumana ndi kachilombo ka m'tchire, salimbana nako kuti akaphe ayi. Amakafooketsa kaye, kenako n'kukaponyera mpira wofiira ndi woyera umene umakameza. Mpirawo umagwedezeka kamodzi, kawiri, katatu, ndipo apa m'pamene anyamata aja amasiya kupuma. Ukaponya msanga, mpirawo umatseguka, kachilomboko n'kutuluka. Ukakamenya mopyola muyeso, kamakomoka ndipo wakataya.

M'njira muli aphunzitsi ena a tizilomboti, amene osewera amangowatcha ma trainer. Maso akangokumana basi, ndewu yayamba, ndipo kuthawa kulibe. Aliyense amaloledwa kunyamula tizilombo tisanu ndi kamodzi. Wogonja amalipira ndalama. Lamulo limodzi ndimalikonda: kachilombo ka mwini sikagwidwa. Ukayesa kuponya mpira, mwiniwake amaukankhira kumbali n'kukudzudzula kuti usabe. Ukagonjetsa akatswiri asanu ndi atatu a m'matauni, aliyense n'kukupatsa baji, umakakumana ndi akuluakulu anayi otchedwa Elite Four.

Masewerawa adatuluka ku Japan pa 27 February 1996, pa kamakina ka m'manja ka Nintendo kotchedwa Game Boy, ali ndi tizilombo 151. Lero mitundu yake idapitirira 1,000. Koma chimene chidandikoka ine si manambalawo. Ndi munthu amene adawaganiza, Satoshi Tajiri, wobadwa mu 1965, amene adakulira ku Machida, kumalire kwa mzinda wa Tokyo. Ali mwana, Machida kudali minda, maiwe ndi tinkhalango, ndipo iye ankangokhalira kusaka tizilombo mpaka anzake adamutcha dokotala wa tizilombo. Kenako Tokyo idakula n'kumeza malowo. Maiwe adakwiriridwa, padamangidwa nyumba ndi mashopu, tizilombo tidasowa. Tajiri ndi mnzake wojambula, Ken Sugimori, adatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi ku kampani yawo ya Game Freak akuyesa kubwezera ana a m'tauni chimene konkire idawalanda.

Ndiye tayang'anani Chongwe. Boma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, mumsewu wa Great East. Ngakhale bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli. Ukachoka ku Chelstone kulowera ku Silverest, kumene kale kunali mafamu ndi tchire, lero ukuwona mipanda ya njerwa za simenti, zikwangwani za mapuloti ogulitsa ndi malole a mchenga. Kutsogoloko, matumba a makala andandalikidwa m'mbali mwa msewu, kudikira kupita ku Lusaka. Dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo Yachiwiri, likudyedwa kuyambira kumadzulo, pang'onopang'ono, ngati chimanga cha m'nkhokwe.

Komabe mwana wa kumidzi ya ku Chalimbana kapena Kanakantapa sakufunika Professor Oak. Mvula yoyamba ikagwa, nyengo imene Asoli amakhala atachita kale mwambo wawo wopempha mvula wa Chakwela Makumbi, amadziwa chulu chimene chitulutse inswa, ndipo amadziwa kuti zimatsata kuwala. Amadziwa kuti nkhululu imasiya kamulu ka dothi pakhomo pa una wake, ndi kuti ukaponda mwamphamvu imasiya kulira. Akakolola chimanga ndi nthawi ya mbewa: wina amakumba ndi khasu, wina amadikira potulukira ndi chibonga, ndipo wanzeru salowetsa dzanja ku una asanayese ndi kamtengo, chifukwa nthawi zina mwini nyumba amakhala njoka. Ziwala zimagwidwa m'mamawa mame asanaume, mapiko adakali olemera. Mbalame n'za ulimbo ndi legeni. Zonsezi ndi nzeru zomwe zija za m'masewera: kudziwa malo, kudziwa nthawi, kufooketsa kaye usanagwire. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chogwidwacho chimathera mu mphika, osati m'mpira.

Ndidafunsa mphwanga wina, amene amadziwa pamtima tizilombo ta Pokémon toposa zana, kuti anditchulire mitundu ya mbewa. Adatchula kapuku n'kuima. Sindimuweruza. Iye akukulira pa puloti yotchingidwa ndi mpanda, pamene ine ndidakulira kudambo. Ndipo kunena chilungamo, Chingerezi chake chambiri wachiphunzira powerenga zimene ma trainer aja amalankhula asanayambe ndewu, ndipo amawerengera mphamvu za tizilombo take msanga kuposa mmene amachitira masamu a kusukulu.

Mu July 2016 kampani ya Niantic idatulutsa Pokémon Go, imene imagwiritsa ntchito mapu ndi kamera ya foni kuti munthu aziyenda ndi miyendo yake posaka tizilomboti. Idafika m'mayiko ambiri a mu Africa chakumapeto kwa chaka chomwecho. Apa padachitika chinthu choseketsa. Malo otolera mipira ndi omenyanirana adaikidwa pa zipilala, matchalitchi ndi nyumba zodziwika, zimene zimachuluka m'mizinda. Choncho munthu wa pakati pa Lusaka amapeza zambiri, pamene wa kumudzi, wozunguliridwa ndi tchire lenileni lodzaza zamoyo, amatsegula foni n'kupeza mapu ali mbee. Onjezanipo mtengo wa bandulo ndi kuzima kwa magetsi, kumene kudafika poipa mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, mumvetsa chifukwa chake anyamata a pamsika aja amakonda Pokémon yakale, imene amapatsirana pafoni ndipo siifuna intaneti.

Foni yawo idazima dzuwa likupendeka, ndewu ndi katswiri wachitatu ili pakati, asanasunge pamene adafika. Padali kulozana zala kwa kanthawi. Kenako wamng'ono pa onsewo adatulutsa legeni m'thumba la kabudula, ndipo atatuwo adatsetserekera kumtsinje wa Chongwe, akukanganabe za amene adaponya mpira msanga.