Chifukwa chake intaneti imathamanga pafupi ndi nsanja

Anthu amandifunsa chifukwa chake 4G imathamanga pafupi ndi nsanja koma n'kumakwawa munthu akalowa m'kati mwa nyumba. Yankho lake ine limandisangalatsa kwambiri: foni ndi nsanja zimakhala zikukambirana nthawi zonse.

Mafunde a wailesi ndi ochepa, ndipo kuno kwathu makampani a mafoni amachita kulipira ku bungwe la MACRA kuti apatsidwe gawo lawo. Ndiye kagawo kalikonse kayenera kunyamula zambiri. Foni imayeza mmene mafunde akuifikira, n'kutumiza nambala yotchedwa CQI, yosapitirira 15. Nambalayo ikatsika, nsanja imagwiritsa ntchito njira yotchedwa QPSK, chizindikiro chilichonse chimene ikutumiza n'kunyamula mabiti 2 okha. Ikakwera, imasinthira ku 16QAM ya mabiti 4, kapena 64QAM ya mabiti 6. Zili ngati wakabaza: pamsewu wabwino amanyamula matumba ambiri, pamatope amachepetsa kuti asagwe.

Chimene ndimachiona chanzeru koposa ndi njira yotchedwa MIMO. Nsanja ndi foni zikakhala ndi ma antena awiri kapena anayi, zimatumizirana mauthenga osiyana nthawi imodzi pa mafunde omwewo, popanda kugula ena.

Makoma amafooketsa mafunde, ndiye m'nyumba nambala ya CQI ija imatsika. Mukamatsitsa fayilo yaikulu, sendererani pawindo.