MATUZA OYABWA M'MANJA SALI MPHERE

Pamene dzuwa la October liwawa ndipo anthu ali kukonza minda yao, alimi ena ndi amai a m'midzi amayamba kubvutika ndi timatuza ting'ono-ting'ono totuluka m'mbali mwa zala ndi m'zikhatho, nthawi zina ndi kuphazi komwe. Timatuzati tikhala mkati mwa khungu monga njere za mawere, tili ndi madzi oyera, ndipo tiyabwa kwambiri kotero kuti munthu alephera kugona. Patapita milungu 2 kapena 3 tiuma, khungu lisupuka ndi kucita ming'alu yowawa. Pamenepo kugwira mpini wa khasu kukhala kobvuta, ndipo nchito ya kumunda icedwa pa nthawi yofunika.

Madokotala acha nthendayi pompholyx, ndiyo mtundu wina wa nthenda ya khungu yochedwa eczema. Dokotala wa ku London, William Tilbury Fox, anailongosola m'caka ca 1873, naganiza kuti ndi thukuta lotsekeredwa m'khungu. Tsopano cadziwika kuti madziwo sali thukuta ai, koma acokera m'khungu lotupa, ngakhale kuti kutentha ndi thukuta zimautsadi nthendayi.

Kusiyana kwace ndi mphere

Nthendayi siipatsirana. Wodwala angathe kudya m'mbale imodzi ndi anzace, kupereka moni wa dzanja ndi kunyamula mwana popanda coopsya. Mphere zidza ndi kacirombo kolowa m'khungu, zifalikira kucokera m'mipata ya zala kufikira m'khwapa ndi m'cuuno, ndipo kawiri-kawiri anthu angapo a m'nyumba imodzi akanda pamodzi. Matuza awa agwira munthu mmodzi yekha. Cifukwa cace mankhwala a mphere sathandiza pano, koma angowocha khungu lodwala kale. Ndiponso sali khate, pakuti mawanga a khate sayabwa ndipo samva kukhudza.

Zimene ziutsa nthenda

Khungu la munthu lili ndi mafuta ace amene alichinjiriza. Mafutawo akacoka, khungu liuma, ndipo zinthu zoluma zilowa msanga. Zocotsa mafutawo ndizo kukhalitsa manja m'madzi, sopo waufa wocapira, parafini ndi dizilo. Feteleza, mankhwala opopera thonje ndi fodya, dipi wa ng'ombe ndi simenti yonyowa zimaluma khungu. Anthu ena thupi lao ligwirizana moipa ndi citsulo ca nickel cimene cipezeka m'mphete ndi m'makoza otsika mtengo. Nkhawa nayo iutsa nthenda, monganso zironda zoyera zonyowa za pakati pa zala za kumapazi, zimene ziyenera kucizidwa nthawi yomweyo.

Zocita pakhomo

Mankhwala oyamba ndiwo mafuta. Wodwala adzole mafuta a Vaseline, osanunkhiritsa, nthawi iliyonse akasamba m'manja ndiponso pogona, ngakhale pamene matuza atha. Asambe ndi madzi ofunda pang'ono, abvule mphete, napukute bwino pakati pa zala. Kuyabwa kukakula, aike nsaru yobviika m'madzi ozizira kwa mphindi 15 m'malo mwa kukanda. Zikhadabo zikhale zowenga.

Pothira feteleza agwiritse nchito kacikho kapena supuni, osati kutapa ndi dzanja. Pocapa ndi popopera abvale magolovesi a pulasitiki okhala ndi ena a nsaru mkati, ndipo pocapa aziwabvula patapita mphindi 20 kuti thukuta liume. M'banja labwino ena alandira nchito yocapa ndi yotsuka mbale kwa milungu yowerengeka, pakuti manja opumula acira msanga, ndipo adzafunika kwambiri pa nthawi yopalira.

Matuza asabooledwe ndi munga kapena singano, cifukwa pabala pamenepo ndipo palowera tizirombo. Kupaka phulusa, oilo wakuda wa galimoto, madzi a batire, dipi kapena kutema mphini kusandutsa nthenda yaing'ono kukhala cironda cacikuru.

Thandizo la kucipatala

Khungu la m'cikhatho ndi lokhuthala, motero mankhwala opaka ofooka salowa bwino. A cipatala amapereka ena amphamvu, monga betamethasone, opaka mopyapyala pamalo odwala pokha kwa masiku owerengeka, kawiri-kawiri osapitirira milungu 2. Mankhwalawa sali odzola kumaso, ndipo asabwerekedwe kwa mnansi. Ngati manja acuca madzi, amapereka potassium permanganate. Mbulu umodzi wa 400 mg usungunulidwa wonse m'malita 4 a madzi, kuti madzi angofiirira pang'ono, ndipo manja abviikidwa kwa mphindi 10 kapena 15. Akakhala okolera amawocha khungu. Mbulu umenewu suli wakumwa, ndipo ubisidwe kutali ndi ana.

Munthu apite kucipatala tsiku lomwelo akaona mafinya, nkhanambo zacikasu, dzanja lotupa ndi lotentha, mwanabele m'khwapa kapena kutentha thupi, pakuti izi zisonyeza kuti tizirombo talowa ndipo pafunika mankhwala ena akumwa. Wodwala matenda a shuga asacedwe konse.

Nthendayi imabwerera kwa anthu ambiri, makamaka nyengo yotentha, ndipo kubwerera kwace sikutanthauza kuti mankhwala alephera kapena kuti wina wacita cipongwe. Wodwala azikumbukira nchito imene anagwira masiku angapo matuza asanatuluke, nakaifotokoze kucipatala. Iye amene adziwa cimene cimutsira nthenda, nasunga botolo la mafuta pafupi ndi mtsuko wa madzi, adzagwira khasu lace kufikira kukolola.