Wosamalira odwala naye amafuna chisamaliro

Namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche mu Malichi 2023, anamwino ndi madokotala a pachipatala cha Queens ku Blantyre ankalandira ovulala ndi mitembo usana ndi usiku. Apo n'kuti mliri wa kolera usanathe. Ntchito yotere imavulaza m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi kutheratu mphamvu, komwe akatswiri amati burnout. Katswiri wa zamaganizo Herbert Freudenberger anakufotokoza mu 1974 ataona anthu ongodzipereka pachipatala chaulere ku New York akufooka pang'onopang'ono. Mu 2019 bungwe la WHO linati gwero lake ndi kupanikizika kwa kuntchito komwe kwakhalitsa osathetsedwa. Munthu amatopa ngakhale wagona, mtima umauma, ndipo amadziona ngati palibe chomwe akuphula. Namwino yemwe kale ankacheza ndi odwala amayamba kuwatchula ndi nambala ya bedi, n'kumakalipira odikirira odwala pa zinthu zazing'ono.

Yachiwiri ndi bala la mumtima lobwera ndi zoopsa zomwe munthu waona. Zimene zinachitika zimabwerera m'maloto. Mvula ikangoyamba kulira pamalata, mtima umagunda ngati tsikulo labweranso. Ambiri amapeza bwino pakapita masabata ochepa, koma zikapitirira mwezi n'kumasokoneza ntchito ndi banja, akhoza kukhala matenda a PTSD, omwe amachizika.

Kungouza mnzako kuti "limba mtima" sikuchiza. Wotheratu mphamvu amafuna tchuthi chenicheni, tulo tokwanira, ndi mkulu wa wodi amene amagawa ntchito ya usiku mwachilungamo. Wovulala mumtima asakakamizidwe kufotokoza zonse tsiku limodzi. WHO simalimbikitsa kumukakamiza kotero. Choyamba n'kukhala naye pafupi, kumumvetsera akafuna kulankhula, ndi kuona kuti wadya. Mowa umagonetsa usiku umodzi koma umakulitsa vuto.

Zizindikiro zikakana kuchoka, uphungu wa akatswiri umathandiza munthu kukumbukira zoopsazo popanda kugwidwa ndi mantha. Thandizoli lilipo ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Koma namwino akachira n'kubwerera kuwodi yomwe ali yekha pa odwala ochuluka, vutolo limayambiranso. N'chifukwa chake kulemba antchito okwanira ndi mbali ya mankhwalawo.