Timawu Tating'ono Togwetsa Akatswiri a Chizungu

Mu June 1913, ku England, anthu atatu anakhala pansi kulemba mayeso a mtundu watsopano. Anawakonza ndi a yunivesite ya Cambridge, pofuna kuona ngati munthu amene sanayamwire Chingerezi wachidziwa mokwanira. Mayesowo anatenga maola 12. Munali kumasulira nkhani kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chifalansa kapena m'Chijeremani, munali mafunso a katchulidwe ka mawu, munalinso chimangirizo cha mabuku a alembi akale. Zotsatira zitatuluka, onse atatu anali atagwa.

Lero mayeso oterewa ndi malonda aakulu. Ku America kuli TOEFL, imene inayamba mu 1964. Ku Britain, Australia ndi New Zealand otchuka ndi a IELTS, amene anayamba mu 1989, ndipo eni ake ndi mabungwe atatu: British Council, IDP ya ku Australia ndi Cambridge yomwe ija. Amalembedwa koposa ka 3 miliyoni pa chaka, ndipo ena mwa olembawo ndi Amalawi: anamwino ofuna ntchito kunja, aphunzitsi a m'makoleji opita kukachita digiri yachiwiri, achinyamata amene awagwera mwayi wa sikolashipu. Maola aja anachepa, tsopano safika ndi atatu omwe. Mantha okha ndiwo sanachepe.

Mmalawi sachita kuuzidwa kuti Chingerezi chimatseka makomo. Pa mayeso a Fomu 4, a MSCE, amene bungwe la MANEB limayendetsa kuchokera ku Zomba, mwana akhoza kukhoza masamu, bayoloje ndi ulimi mochititsa kaso, koma akagwa Chingerezi satifiketi palibe. Ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma kungokhoza chabe sikumukwanira, pamafunika kirediti. Pali kachinthu kena kamene kamasokoneza makolo kumudzi: pa MSCE giredi 1 ndiyo yapamwamba, 9 ndi kulephera, pamene pa IELTS zinthu n'zozondoka, 9 ndiyo nsonga. Mwana akaimba foni kuti wapeza 8, agogo asayambe kudandaula, aphike nkhuku.

Ulemu umene Chingerezi chili nawo kuno unachokera kutali, m'masukulu a mishoni ndi m'maofesi a atsamunda. Mu 1968 boma linakhazikitsa Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, koma Chingerezi chinakhalabe cha ku ofesi, cha ku Nyumba ya Malamulo ndi cha maphunziro apamwamba. Kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5, kufikira pamene lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi chiyambire pansi penipeni. M'masukulu ena mwana wogwidwa akuyankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo chotchetcha kapena kukolopa.

M'kati mwa mbiri imeneyi munabadwa mwambo wina, wolemekeza mawu olemera. Munthu akaimirira pa msonkhano n'kuponya liwu limene palibe walimvapo, anthu ankagwedeza mitu, amvekere, "Koma bambowa amathyola chizungu!" Anyamata a ku sekondale ankalemba makalata ofunsira chibwenzi dikishonale ili pambali, kusankha mawu ataliatali oti mtsikana akachite kufunsa kwa anzake tanthauzo lake. Makalata ofunsira ntchito ankayamba ndi kudzichepetsa kwa mizere itatu nkhani isanayambe. Unali mwambo wokoma ndithu, ndipo unasula anthu okonda mabuku. Koma ndi mwambo womwewu umene umapweteketsa ambiri m'chipinda cha IELTS, chifukwa woyesa wa kumeneko liwu lalitali silimututumutsa. Iye akuyang'ana ngati liwulo lakhala pamalo pake.

Chimangirizo cha IELTS amachiyeza pa zinthu zinayi zolemera mofanana: ngati wolemba wayankha funso lenilenilo, ngati maganizo ake akutsatana bwino, kagwiritsidwe ntchito ka mawu, ndi galamala. Ndiye kuti mawu ndi galamala pamodzi zimatenga theka la malikisi. Kuti munthu afike pa 7 mu galamala, ziganizo zake zizikhala za mitundu yosiyanasiyana, zazifupi ndi zolukana, ndipo ziganizo zopanda cholakwika chilichonse zizipezeka kawirikawiri. Apa m'pamene timawu tating'ono timaonetsera ukali wake.

Oyamba ndi a, an ndi the. Chichewa chilibe timawu totere, ndipo sichikusowa kanthu, chili ndi njira zake zolozera chinthu: "munthu wabwera" ndi "munthu uja wabwera" si nkhani imodzi. Koma Chingerezi chimafuna kuti wolemba asankhe pafupifupi pa dzina lililonse. Munthu akhoza kulemba ndime yanzeru ya za kusintha kwa nyengo, mfundo zogwira mtima, koma ngati the wasowa kanayi m'ziganizo zinayi, ndiye kuti palibe chiganizo chimodzi chimene chatuluka choyera.

Achiwiri ndi he ndi she. Kwa Mchewa "iye" ndi "iye" basi, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, ndipo n'chifukwa chake ngakhale munthu wa madigiri awiri, akathamanga pakamwa, amapezeka watchula mayi ake kuti he. Pocheza anthu amangoseka. M'wodi ya chipatala, namwino akamapereka lipoti la odwala awiri, bambo ndi mayi, kwa mnzake wolowa usiku, kusinthanitsa timawu timeneti kukhoza kupereka mankhwala kwa munthu wolakwika.

Ndiye pali nkhani ya inde ndi ayi. Wina akafunsa kuti, "Kodi simunadye?" Mchewa amene ali ndi njala amayankha kuti, "Inde," kutanthauza kuti zoonadi sanadye. Mngelezi akamva yes pa funso lomwelo amamva kuti munthuyo wadya, n'kuchotsa mbale. Mchewa amavomereza mawu a wofunsa, Mngelezi amavomereza kapena kukana chochitikacho. Palibe wolakwa, koma mayeso ndi a Mngelezi.

Zina zimabwera mwa njira yomweyo. "Ndabwera dzulo" ndi Chichewa chabwinobwino, chosonyeza kuti munthuyo adakali pompano, koma I have come yesterday ndi cholakwika, pakuti nthawi ikatchulidwa Chingerezi chimafuna I came. Kubwereka ndi kubwereketsa zimachokera ku tsinde limodzi, ndiye borrow me your pen imatuluka yokha m'malo mwa lend. Mneni "kumva" amagwira ntchito pa phokoso, pa fungo, pa ululu ndi pa kumvetsa, pamene Chingerezi chili ndi liwu lakelake pa chilichonse. Malangizo, zipangizo ndi mipando kwathu kuno timaziwerenga, koma advice, equipment ndi furniture sizilandira s kumapeto.

Chodabwitsa n'chakuti anthu amene amadziona ngati mbuli za galamala ndi omwewo amene tsiku ndi tsiku amayendetsa magulu a mayina oposa khumi osaphonya ngakhale kamodzi. "Chimanga changa chabwino chapsa," "mbuzi zanga zabwino zathawa," "kamwana kanga kabwino kagona": Mngelezi wophunzira Chichewa amatuluka thukuta ndi zimenezi kwa zaka. Tsono vuto si mutu wouma. Zolakwa za Mchewa m'Chingerezi n'zodziwikiratu, zili ndi malo ake, ndipo mphunzitsi amene amadziwa ziyankhulo zonse ziwiri akhoza kuzilemba pa pepala limodzi. Mabuku otchuka a galamala, monga lija la Raymond Murphy limene linatuluka koyamba mu 1985, anawalembera dziko lonse lapansi. Wophunzira wa ku Dedza amene akuliwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza amathera milungu pa zinthu zimene sizimuvuta. Wochenjera amatenga zimangirizo zake zakale, n'kuona pamene cholembera chofiira chimabwererabwerera, n'kuyambira pamenepo.

Pepala lolemba la IELTS lili ndi zigawo ziwiri m'ola limodzi. Choyamba, pa mayeso a opita ku yunivesite, ndi kufotokoza girafu, tebulo kapena chithunzi m'mawu osachepera 150. Tiyerekeze kuti mzere wa pa girafu ukuonetsa chiwerengero chikuchoka pa 20 kufika pa 30 peresenti. Wolemba mmodzi akuti rose by 10, wina akuti rose to 10. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha, koma woyamba wanena zoona, wachiwiri wanena kuti chiwerengerocho chakwera n'kukafika pa 10, chimene ndi bodza, mwinanso chosatheka. Chigawo chachiwiri ndi chimangirizo cha mawu osachepera 250, ndipo chimalemera kawiri kuposa choyamba. Ambiri amakondwa ndi girafu, n'kutherapo mphindi 35 m'malo mwa 20, ndiye chimangirizo chenichenicho amachilemba mothamanga wotchi ili pakhosi.

Nanga mawu ofunika ndi angati? Paul Nation, katswiri wa pa Victoria University of Wellington ku New Zealand, anawerengera mu 2006 kuti munthu wofuna kuwerenga nyuzipepala ndi mabuku a nkhani popanda thandizo amafunika mabanja a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000, pamene womvetsera zoyankhula amafunika pakati pa 6,000 ndi 7,000. Banja la mawu ndi liwu pamodzi ndi abale ake: analyse, analysis ndi analytical ndi banja limodzi. Pa yunivesite yomweyo, Averil Coxhead anatulutsa mu 2000 mndandanda wa mabanja 570 amene amapezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, kaya ndi a zamalamulo, zamalonda kapena sayansi. Si mawu odabwitsa ayi. Ndi mawu wamba a m'kalasi, ndipo wokonzekera mayeso apindula nawo kuposa mawu aja a m'makalata a chibwenzi.

Komanso liwu siliyenda lokha. Chichewa chimadziwa bwino zimenezi: timati kupalasa njinga, kupalasa bwato, koma kuyendetsa galimoto, ndipo mlendo wonena kuti akupalasa minibasi aseketsa depoti yonse. Chingerezi nachonso chili ndi maukwati ake. Mvula yambiri ndi heavy rain, osati strong rain. Kulakwitsa ndi make a mistake, osati do. Woyesa amatchera khutu ku zimenezi, n'chifukwa chake kope la mawu lothandiza ndi limene liwu lililonse lalembedwa m'chiganizo chathunthu, chotengedwa mu The Nation, mu The Daily Times kapena pa wailesi ya BBC. Ndipo kopelo liyenera kutsegulidwanso. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kalekale mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimathawa mofulumira kwambiri m'maola oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Kubwereza mawa, mkucha, sabata yamawa kumasunga zambiri kuposa kuchezera usiku umodzi miyendo ili m'beseni la madzi ozizira, monga ankachitira ana a ku sekondale yogonera komweko.

Pepala lomvetsera lili ndi mafunso 40, ndipo mawuwo amamveka kamodzi kokha, m'malilime a ku Britain, Australia, New Zealand ndi North America. Yankho likhale lolondola koma sipelo yolakwika, malikisi apita. Thirteen ndi thirty zimagwetsa anthu chaka ndi chaka. Pepala lowerenga nalonso lili ndi mafunso 40 m'mphindi 60, ndipo msampha wake waukulu ndi funso lofuna kusiyanitsa chimene nkhani yatsutsa ndi chimene nkhani sinanene n'komwe.

Mayeso oyankhula ndiwo afupi kuposa onse, mphindi 11 mpaka 14, komanso ndiwo amene amauma nawo pakamwa. Woyesa amayamba ndi mafunso a kunyumba, ntchito ndi zokonda. Kenako amapereka kakhadi kokhala ndi mutu, pensulo ndi pepala. Mphindi imodzi yokonzekera. Ikatha, munthu ayankhule yekha mpaka mphindi ziwiri, makina ojambula mawu akumvetsera. Amene analeredwa kuti pamaso pa akulu mawu azichepa ndipo maso aziyang'ana pansi amavutika pano, chifukwa ulemu wa kwathu woyankha mwachidule umaoneka ngati kusowa chonena. Amene analoweza mayankho kunyumba amagwidwanso msanga, mawu ake amayenda ngati akulakatula, ndipo woyesa akangopotoza funso pang'ono zonse zimabalalika. Kayankhulidwe ka Chimalawi pakokha si mlandu, palibe amene amafuna kuti munthu ayankhulire m'mphuno. Chofunika n'chakuti amveke, ndipo apa l ndi r, zimene m'Chichewa sizisintha tanthauzo la liwu, zimafuna kuzisamala: pray ndi play ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Bungwe loona za anamwino ndi azamba ku Britain, Nursing and Midwifery Council, limafuna 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kuyankhula. Pa kulemba linkafunanso 7, koma kumapeto kwa 2018 linatsitsa kufika pa 6.5, litaona kuti anamwino ambiri odziwa ntchito ankaperewera ndi theka lokha pa pepala limeneli. Kuyambira 2017 limalandiranso mayeso a OET, amene anayambira ku Australia ndipo anakonzera ogwira ntchito zachipatala: m'malo mwa girafu, namwino amalemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina. Zotsatira za IELTS mabungwe ambiri amazilandira kwa zaka ziwiri zokha. Mapepala a ulendo akachedwa kupyola pamenepo, munthu amalipiranso n'kukakhalanso pa mpando uja.

Ndipo amene wadutsa zonsezi n'kukafika m'wodi ya ku Manchester kapena Glasgow amakapeza Chingerezi china chimene sichinali pa pepala lililonse. Gogo wachizungu akanena kuti akufuna spend a penny, sakupempha ndalama, akufuna kuperekezedwa kuchimbudzi.