Wenzulo wa usiku ndi kope la mayina

Ndine mmodzi mwa anthu ongodzipereka mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno kwa mfumu yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje. Malipiro palibe. Katundu wathu yense ndi chimkuzamawu chimodzi, mawenzulo angapo, tochi, ndi kope la mayina lomwe ndimasunga m'jumbo kudenga la nyumba yanga. Ndafuna ndikambe za kopeli chifukwa m'maphunziro onse omwe ndidakhalapo palibe amene adalitchula, chonsecho ndi limene lidatithandiza kwambiri pa namondwe wa Freddy.

Amene sadafikeko kuno adziwe kaye mmene madzi amatipezera. Mtsinje wa Ruo umachokera kuphiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire cha ku Chiromo. Mvula ikagwa yambiri kuphiriko, madzi amatsika ngakhale kuno kutangowaza pang'ono. Akapeza Shire atadzaza kale amasowa kolowera, ndiye amamwazikira m'minda ndi m'midzi. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya njira yake n'kudzera pakati pa anthu, ndipo dera la Makhanga lidasanduka chilumba. Chaka chimenecho boma lidalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi.

Atatiphunzitsa, tidadziwa kuwerenga chikhomo cha mumtsinje chopakidwa mitundu itatu. Madzi akakhala pobiriwira ndiye kuti zili bwino, akafika pachikasu konzekani, akakhudza pofiira thawani. Anzathu a kumtunda amayenera kutiimbira foni madzi akayamba kukwera kwawoko, ife n'kuliza wenzulo ndi kulengeza pachimkuzamawu. Pomva m'kalasi, zonsezi zimaoneka zophweka.

Ndiye kudabwera namondwe wa Ana mu Januwale 2022, uja adaononga damu la magetsi la Kapichira. Foni idalira usiku ndithu. Nditatenga chimkuzamawu ndidapeza mabatire adatha kalekale, ena atachita dzimbiri m'kati momwemo. Tidayamba kuthamanga khomo ndi khomo, kukuwa ndi pakamwa mvula ili pamutu. Anthu ambiri adatuluka. Titafika pamalo okwera n'kuyamba kuwerengana, m'pamene mayi wina adafunsa za agogo ena osamva bwino omwe amagona okha kumapeto kwa mudzi. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wawadzutsa.

Anyamata awiri adabwerera pabwato n'kukawapeza ataima pamphasa yonyowa, madzi ali m'mawondo, atagwira mtanda wa denga. Adapulumuka. Koma ine mpaka lero ndikadutsa pakhomo pawo ndimachita manyazi, pakuti nyumba yawo ndidaidutsa usiku umene uja ndikukuwa, osaganiza kuti mawu anga sakuwafika.

Madzi ataphwa tidakhala pansi ndi amfumu. Tidagula kope la ana asukulu n'kulemba nyumba iliyonse imene muli munthu woti sangathawe yekha: okalamba, olumala, osaona, osamva, amayi oyembekezera, odwala ogonera, ndi ana okhala okha opanda wamkulu. Pambali pa dzina lililonse tidalemba anthu awiri oyandikana nawo oti akawatenge. Tidati awiri chifukwa mmodzi akhoza kukhala kuti wapita ku Bangula kapena wakagona kudimba. Tidalembanso eni mabwato, ndi kumene bwato lililonse limagona. Ena adadandaula kuti tikuwalemba mayina ngati kukubwera ufa. Tidawauza poyera kuti m'kope ili mulibe chimanga.

Ndidapita kwa agogo aja kukawafotokozera, ndikuyankhulira pafupi ndi khutu lawo.

"Agogo, tsiku lina madzi akadzabwera, adzakutengani ndi adzukulu anu awa. Musadzakane."

"Mwana wanga, nanga mbuzi zanga?"

Funso limeneli musaliseke. Anthu ambiri amene amakana kuchoka saumira mutu chabe. Amaopa kusiya ziweto, mbewu ndi katundu, poti akuba nawo amayenda pabwato. Choncho tidagwirizana kuti madzi akangofika pachikasu, ziweto ndi matumba a mbewu zizitsogola kumtunda masana, anyamata ena n'kumakalondera kumeneko. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala a anthu omwe amamwa tsiku ndi tsiku zizikhala zomangiratu m'pulasitiki.

Freddy atafika mu Malichi 2023, a zanyengo adali atachenjeza pawailesi kudakali masiku. Ulendo uno mabatire tidasonkherana tokha. Tidatsegula kope, aliyense n'kupita kukhomo limene adapatsidwa, ndipo agogo aja adali m'gulu loyamba kufika kumtunda, mbuzi zawo zitatsogola dzulo lake. Nyumba zidagwa, minda idakwiririka ndi mchenga, ena mwa ife tidatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Koma powerengana, mayina onse a m'kope adayankha.

Sindikunena izi modzitama, pakuti dziko lonse lidalira. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti chigawo cha kummwera chagweredwa ngozi. Anthu oposa 600,000 adasowa pokhala, ndipo omwalira pamodzi ndi osowa adaposa 1,000. Ambiri adafera kumapiri, ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, komwe matope ndi miyala zidatsika anthu ali m'tulo. Ife a kuchigwa madzi tidawazolowera ndipo amatipatsako maola. Matope a kuphiri sapereka mpata wotere. N'chifukwa chake ndimadabwa ndikamva anzathu a m'tauni akuti makomiti awa ndi a anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa. Akuluakulu a ku Phalombe akukumbukira bwino za napolo wa mu Malichi 1991, ndipo chaka chomwecho m'pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo loyamba loona za ngozi zotere. Lamulo latsopano lidabwera mu 2023, Freddy atadutsa kale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makomiti ambiri amadzuka pokhapokha kukamveka galimoto ya bungwe. Kukakhala maphunziro a alawansi, mayina amachuluka mpaka kukanganirana. Bungwe likatseka pulojekiti, chikhomo cha mumtsinje chimafufuta utoto, foni ya komiti imakhala yopanda mayunitsi, amene adaphunzira chithandizo choyamba n'kusamukira ku Joni popanda womulowa m'malo. Ife eni tili ndi mbali yathu pamenepa. Koma a kukhonsolo ndi mabungwe nawo adziwe kuti munthu wongodzipereka sapempha zambiri. Mabatire, mayunitsi, majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ndi klorini wothira m'madzi akumwa pamsasa, poti kolera imakonda pamene anthu aunjikana.

Kope lija limakalamba msanga. Chaka chilichonse ena amamwalira, ena amabereka, wina amene ankanyamula mnzake chaka chatha lero ndiye wofunika kunyamulidwa. Timalilemba mwatsopano mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene aliyense akuganiza za kusosa osati za madzi. Chaka chino agogo aja tawafufuta, adatisiya m'nyengo yozizira atadwala pang'ono, pamphasa youma. Pamzere wawo talembapo mtsikana wina amene akuyembekezera kuchira mu Febuluwale, ndipo tikusakabe munthu wachiwiri woti adzamutenge.