Mbendera igwedezeke, Bismillah ikhale chilili



Sabata yatha ana a Fomu 3 anandionetsa kanema wa masekondi 20 amene akufuna kuti tidzatumize pa WhatsApp poitanira anthu ku tsiku la makolo. Pamwamba pali Bismillah, pakati pali mbendera ya dziko lathu ikuuluzika ngati kuli mphepo, pansi pali dzina la sukulu. Ntchitoyo ndi yabwino, Masha Allah, koma Bismillah nayonso imagwedezeka ngati chitenje choyanikidwa pa chingwe. Ena a komiti atauona anati kanemayo asatuluke. Nkhawa yawo ndi yomveka. Komabe tisanaletse, tiyeni timvetse momwe kugwedezekako kumapangidwira, kuti tidziwe choyenera kuyenda ndi choyenera kuima.

Zithunzi za pa kompyuta zilipo mitundu iwiri. Chithunzi chojambula ndi foni chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo mukachikulitsa kwambiri chimachita mbuu. Mtundu wachiwiri ndi vekita. Fayilo ya vekita imasunga malangizo: mzere uyambire apa, ukhote motere, mkati mwake mukhale mofiira. N'chifukwa chake chizindikiro cha sukulu chingasindikizidwe pa baji ya yunifolomu kapena pa chikwangwani chachikulu cha m'mbali mwa msewu wa ku Lunzu, chili chooneka bwinobwino. Zithunzi zotere zimakonzedwa mu Adobe Illustrator, kapena mu Inkscape imene ndi yaulere.

Kuti chithunzicho chiyende, ana athu anachilowetsa mu pulogalamu ina yotchedwa After Effects. Asanatero, chinthu chilichonse chimayenera kukhala pa gawo lakelake, limene amalitcha layer: nsalu ya mbendera payokha, mtengo wake pawokha, malemba pawokha. Apa ndi pamene analakwitsa. Anaika zonse pamodzi, ndiye funde litaikidwa linanyamula zonse.

Funde lenilenilo limachokera ku chida chotchedwa Wave Warp. Chidachi chimakankhira mbali iliyonse ya chithunzi m'mwamba kapena pansi potsata mzere wa sine, womwe uja mumaujambula m'masamu. Wave Height imanena kutalika kwa funde, Wave Width imanena kutalikirana kwa funde limodzi ndi linzake, Wave Speed imanena liwiro, pamene Direction imanena kumene fundelo likulowera. Pa Pinning mukasankha Left Edge, mbali ya kumanzere imagwira pa mtengo, inayo nkumauluzika, monga imachitira mbendera yeniyeni. Siyani mpata kuzungulira nsaluyo kuti nsonga za mafunde zisadulidwe, ndipo yatsani kabatani kooneka ngati dzuwa kotchedwa Continuously Rasterize kuti m'mphepete mukhale mosalala mukakulitsa. Funde likhale lalifupi koma lotambalala. Mukaonjeza, dzuwa la pa mbendera yathu, imene inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964, limapindika mpaka silionekanso ngati dzuwa.

Ophunzira adziwe kuti masamu amenewa si achilendo kwa Asilamu. Al-Battani, amene anamwalira mu 929, ankagwiritsa ntchito sine powerengera kayendedwe ka dzuwa ndi nyenyezi. Abu al-Wafa wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 998, anakonza matebulo a sine komanso analemba buku lophunzitsa amisiri kujambula mizere ndi makona. Liwu lachilatini limene linabala sine linali kumasulira liwu lachiarabu lakuti jayb. Choncho amene amagona m'kalasi ya masamu koma akufuna kupanga makanema, aganizenso.

Tsopano taonani chimene funde limachita pa malemba. Popeza mbali iliyonse imakankhidwa mosiyana ndi inzake, chilembo chimodzi chimakwera uku chikutsika uko. Mu Bismillah, ba akutsatidwa ndi sin wa mano atatu. Funde likadutsa, manowo amasokonekera ndi makwinya a fundelo moti simungawawerenge. Zilembo monga ba, ta, nun ndi ya pakati pa liwu zimasiyana ndi madontho okha, ndipo WhatsApp imachepetsa kuoneka bwino kwa kanema potumiza. Pa foni yaing'ono, mwana wa ku madrasa amene akuphunzira kumene angawerenge chilembo china m'malo mwa china. Ife timamubweza mwana akasintha chilembo chimodzi powerenga Qur'an yolemekezeka. Sitingamutumizire kanema amene akuchita zomwezo.

Palinso msampha wina. Malemba achiarabu akasamutsidwa kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina, nthawi zambiri zilembo zimadukana kapena kuyambira kumanzere. Mankhwala ake ndi kusandutsa malembawo kukhala chithunzi cha vekita, pogwiritsa ntchito Create Outlines mu Illustrator kapena Object to Path mu Inkscape. Koma mukatero simungakonzenso kalembedwe, ndiye mphunzitsi wa Chiarabu ayambe waona.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili. Lolani mbendera, nsalu, madzi ndi zokongoletsa za mizere zigwedezeke. Dzina la Allah, ndime za Qur'an ndi ma Hadith zikhale pa layer yakeyake, zosapindika, ndipo zikhale nthawi yokwanira kuti munthu aziwerenge mpaka kumapeto. Ngati ana akufuna kuti zisangotulukira mwadzidzidzi, zingawale pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito Opacity, chifukwa imeneyo sisintha maonekedwe a chilembo. Tsiku, nthawi ndi malo a mwambo nazonso ziime, kuti agogo asavutike kuwerenga. Kanema aliyense asanatuluke, mphunzitsi mmodzi amuonere pa foni wamba, osati pa kompyuta.

Makolo, luso ili lingadzathandize ana athu kupeza rizq ya halaal, pakuti ogulitsa malonda ku Chemusa kuno, ku Ndirande ndi ku Limbe akufuna anthu owakonzera zotsatsa za pa foni. Ana a Fomu 3 alekanitsa kale zigawo zija, ndipo kanema wokonzedwayo tidzauonetsa kwa a komiti Lachisanu tikatha Jumu'ah, Insha Allah.

Wassalaam.